Kamuvi Kokhota Pakona pa Amayi

Fungo la chinangwa chonyika ndi limene linandilandira ku Kande, ndipo mpaka lero likandipeza pamsika ndimaima ngati wina wanditchula dzina. Wosalidziwa ndimuuze: ndi fungo loti ukalipuma m'mawa, madzulo umaligeya. Amayi a kumeneko ankanyika chinangwa m'mitsuko ndi m'maenje, n'kuchiyanika pathandala, koma poti inali nyengo ya mvula sichinkauma. Chinkangokhala pamenepo n'kumalankhula ndi aliyense wodutsa. Galu wina amene anabwera ndi mphunzitsi wa ku Ntcheu analinunkhiza kamodzi, n'kuuyamba wapansi kubwerera kwawo, ndipo anamuona akudutsa pa Dwangwa osacheuka. Dzina langa ndine Ndaziona, sindinena chimene sindinachione. Za pa Dwangwa zokhazo ndinachita kumva, koma kwa munthu wa mpingo.

Ndinali ndi zaka ngati khumi. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo bambo anamwalira ndisanaidziwe nkhope yawo. Chaka chimene ndikunenachi amayi anaganiza zopita ku Joni kukagwira ntchito za m'nyumba, motsogozedwa ndi mayi wina wa ku Chintheche amene ankaidziwa njira. Ine anandisiya kwa mng'ono wawo, amene ankakonza m'zipinda pa loji ina ya alendo m'mbali mwa nyanja. Pa chikhalidwe chathu iwonso ndi amayi, amayi aang'ono, ndipo ndinkawaitana choncho, koma lilime linkadziwa kusiyana kwake. Tsiku lonyamuka, amayi anga tinawaperekeza pamsewu wa tala. Akukwera minibasi anandigwira tsaya n'kunena kuti, "Ndibwera mango asanathe." Sananene kuti mango a chaka chiti.

Mvula ya kwathu imabwera, n'kugwira ntchito yake, n'kupita. Ya ku Nkhata Bay imabwera ndi katundu. Zovala sizinkauma, mchere unkasanduka phala, machesi ankakana ntchito. Nsapato zanga za kusukulu zinamera bowa, ndipo amayi aang'ono anathyolapo ndiwo. Wotsutsa akawafunse, ali moyo. Alendo nthawi imeneyo sankabwera, ndipo mwini loji anali atapita kwawo kudziko la azungu. Amayi aang'ono ankayala mabedi opanda wogonapo, mawa lake n'kuyalula, n'kuyalanso, ine ndikuwatsata pambuyo ndi fungo la sopo ndi chinyontho.

Kusukulu aphunzitsi ankayesetsa kutiphunzitsa m'Chichewa, koma belu la buleki likangolira dziko lonse linkasanduka Chitonga. Ndinkaima m'khonde, msana kukhoma, kuyang'ana madzi akugwa kuchokera pamalata. Sankandizunza ayi. Ankangonditcha kaMchewa, n'kupitiriza fulaye wawo. Pobwerera ndinkadutsa pa mdala wina amene ankasoka ukonde atavala jekete ndi tayi, nsapato zowala moti nkhuku zinkamenyana ndi nkhope zawo m'menemo. Tsiku lililonse ankakweza chipewa n'kunena kuti, "Mwe uli?" Ine tsiku lililonse ndinkathawa, poti yankho sindinkalidziwa, ndipo ndinkaopa kumuyankha molakwika munthu wa tayi.

Malo okha amene sankafuna Chitonga anali ofesi yolandirira alendo. Mmenemo munali ankolo Wyson, mnyamata wamtali wa ku Zomba, amenenso analibe mlendo womulandira. Munalinso kompyuta, ya chimutu ngati mtsuko, yoyera ngati mano a nkhalamba, imene amayi aang'ono ankaifunditsa nsalu yoluka kuti isamve chisanu. Kuchedwa kwake kunali kodziwika mpaka ku Mpamba. Ankolo ankaiyatsa, n'kupita kukameta ndevu, n'kumwa tiyi, ndipo pobwerera ndevu zitameranso, iyo inali ikuganizabe ngati idzuke kapena ayi.

Masana ena ankolo anatiitana tonse awiri, ine ndi amayi aang'ono. Abwana a amayi ku Joni anali atatumiza chithunzi pa imelo ya loji. Ankolo anazula waya wa telefoni n'kulumikiza kukompyuta, iyo n'kulira ngati mphaka woponderedwa ndi chitseko, kenako amayi anayamba kufika. Anayambira kumutu. Poyamba kunabwera thambo, kenako duku, kenako chipumi. Atafika pamphuno magetsi anazima, ndipo tinagona tikudziwa theka la munthu. Mawa lake anafika onse: ataima patsogolo pa geti lalitali la nyumba ya eni, atavala diresi la buluu ndi epuloni, maso atatsinzina pang'ono chifukwa cha dzuwa, dzanja limodzi lili m'mwamba ngati sanadziwe ngati akupereka moni kapena akuletsa wojambula. Kumbali kunkaoneka mchira wa galu. Chithunzi cha amayi china ndinalibe, ngakhale cha pepala. Ankolo anachisunga m'kompyuta, kenako imelo ija anaifufuta, poti bokosi la makalata linali laling'ono ndipo linkayenera kudikira alendo.

Atatseka chithunzicho ndinagwira mphepete mwa tebulo. "Ankolo, mukawatseka amapita kuti?"

"Sapita kulikonse, Ndazi. Ali mu foda. Khala apa uone."

Anandiika dzanja pa mausi, lawo pamwamba pa langa, n'kutsegula zenera lina limene anati ndilo losunga katundu yense wa m'kompyuta. Kumanzere kunali tinyumba tachikasu tondandana, tina titalowa m'kati pansi pa tinzake, ngati mudzi ukauonera paphiri. Ukagogoda pa kamodzi, kumanja kunkaoneka zonse za m'nyumbamo. Kanyumba kokhala ndi kamtanda pambali ndiye kuti kanali ndi zipinda zina m'kati. "Fayilo ndi katundu, foda ndi nyumba, usasokoneze," anatero ankolo. "Ichi ndi dzala. Ukataya chinthu pamenepa ukhoza kuchitolanso, koma ndikakhuthula, iwalako." Maphunziro onse anathera pomwepo. Anthu amalipira sukulu chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa.

Amayi ndinawapeza akukhala malo osayenera. Anali m'foda imodzi ndi mitengo ya zipinda komanso zithunzi za azungu ogwira nsomba, ndipo dzina lawo linali manambala okhaokha ngati mkaidi. Ndinapempha kuti tiwasinthe dzina, ankolo n'kundionetsa kachitidwe kake, ndipo ndinalemba ndi chala chimodzi: Amayi. Kenako ndinafunsa ngati munthu angamange nyumba yakeyake. Anati ungamange ngakhale mzinda, njerwa zake n'zaulere.

Ndiye ndinamanga Dedza. Masana aliwonse ndikaweruka, mvula ikusosola malata, ndinkakhala pampando wozungulira, mapazi osafika pansi. Ndinamanga foda ya Kwathu. M'kati mwake ndinaikamo Kuchigayo, Kudambo, Kutchalitchi, Kwa Estere mnzanga wa ndado, Kwa aNabanda ogulitsa zitumbuwa, ndi khola la mbuzi yathu imene tinagulitsa kuti amayi apeze thiransipoti. Nyumba zonsezi zinali zopanda kanthu. Ukagogoda, kumanja kunkangooneka poyera, ndipo pansi pa zenera kompyuta inkachitira umboni kuti mulibe aliyense. Munthu m'mudzi monsemo anali mmodzi, ndipo ndinkamuyendetsa. Ndinkawagwira amayi ndi mausi, n'kuwakoka kupita nawo kuchigayo. Loweruka ndinkawasiya kutchalitchi kuti Lamlungu asachedwe. Kwa aNabanda ankachezako nthawi yaitali, monga ankachitira kale.

Tsiku lina ndinatulukira kukopa. Ukasuntha fayilo, kumene yachoka kumatsala kopanda kanthu, koma ukaikopa imakhala kuno ndi uko nthawi imodzi. Ndinaona kuti nzeru imeneyi ikanafika msanga ku Dedza, sitikanagulitsa mbuzi. Pofika madzulo amayi anali m'nyumba iliyonse, ngakhale m'khola. Kompyuta inayamba kubuula, ndipo ankolo atasuzumira anagwira pamutu. "Iwe, mimba ya makinawa ndi yaing'ono. Amayi mmodzi ndi wokwanira, funsa aliyense." Sindinatsutse, chifukwa nanenso mtima unali utayamba kuvuta: sindinkadziwanso kuti enieni ndi ati. Ndinataya onse kudzala, ankolo n'kukhuthula, n'kutsala mmodzi.

Mmodziyo ndinamubisa kutali kuti asasokonezedwe ndi aliyense. Unkalowa Kwathu, kenako Kuseri kwa Phiri, kenako Nyumba Yathu, kenako Kuchipinda, kenako Pamphasa. Pa khomo lililonse kompyuta inkaima kaye n'kupuma, moti ulendo wokaona amayi unkatenga nthawi yofanana ndi wopita ku Dedza weniweni, kungoti wopanda ma rodibuloko. Ankolo anatopa kudikira mpando wawo. Anadina apa ndi apo, ndipo mwadzidzidzi pa sikirini penipeni, pamene kompyuta imayambira ikadzuka, panaoneka kachizindikiro kolembedwa Amayi, kokhala ndi kamuvi kokhota pakona. "Iyi ndi shotikati, njira yachidule," anatero. "Ukadina apa wafika." Ndinadina, amayi n'kutulukira pomwepo. Kamuvi kaja ndinakaona, koma ndinkayesa kokongoletsa. Telefoni inalira, ankolo n'kupita kukayankha, ndipo nkhani ya kamuvi inathera pomwepo.

Nthawi yonseyi panali maso awiri amene ankasuzumira pazenera la ofesi. Anali a Malita, wa m'kalasi mwathu, amene amayi ake ankabweretsa nthochi kukhitchini ya loji. Tsiku lina anandidikira pageti n'kundilankhula ndi Chichewa cha pamsika. "Iwe kaMchewa, ati amama ako ali mu TV?" Ndinati si TV, ndi kompyuta, ndipo ali ku Joni. Iye sanadabwe. Anati ada ake, kutanthauza bambo ake, nawonso ali ku Joni, ndi amalume ake, ndi amuna a nyumba zonse za mzere wawo kupatula mmodzi wodwala mwendo. Anali munthu woyamba wa msinkhu wanga kundifunsa funso ku Kande, choncho ndinamulonjeza chinthu chachikulu chimene ndinali nacho: ndidzakuonetsa amayi anga.

Ndisanakwaniritse, kompyuta inadwala. Sabata imeneyo nkhungu zinatuluka m'nyanja ngati utsi wa dambo likamapsa, tizilombo touluka tosawerengeka, n'kudzaza mudzi wonse. Anthu ankakola tizilomboti ndi malichero n'kuumba zikondamoyo zakuda. Nkhunguzo zinalowa m'tiyi, m'makutu, m'Baibulo. Kompyuta inayamba kuzima yokha ndi kulemba zinthu zimene sanaiuze. Ankolo anati ndi vayirasi, amayi aang'ono anati yadya nkhungu, ndipo ine mpaka lero ndili mbali ya amayi aang'ono, chifukwa ndinaiona ikutsokomola. Mwini loji atamva pa telefoni analamula kuti ipite ku Mzuzu ikachapidwe iye asanabwere. Ankolo anandifotokozera kuti kuchapa kwake si kwa sopo. Chilichonse cha m'kati chimachoka, nyumba ndi katundu yemwe.

Galimoto yokagula katundu ku Mzuzu inafika m'mawa kwambiri kuposa mmene tinkayembekezera. Ankolo anali atadzaza madisiketi, timbale tosungira mafayilo, ndi zinthu za ofesi, n'kutsala imodzi yakuda, ya ngodya yophwanyika pang'ono. Anailowetsa m'kompyuta n'kunditsegulira zenera lake. "Kokera amayi ako apa, msanga," anatero, n'kutuluka kukakangana ndi dalaivala za makireti. Hutala inalira. Ndinayang'ana kumanzere, ulendo wonse uja wa Kuseri kwa Phiri ndi makomo ake opumira, ndi kompyuta yoti ikhoza kukomoka nthawi iliyonse. Kenako ndinayang'ana pa sikirini, ndipo amayi anali pomwepo, pafupi, ndi kamuvi kawo. Ndinawagwira n'kuwakokera mu disiketi.

Analowa mosavuta. Masiku onse pokopa, timapepala tinkauluka kuchoka m'foda kupita m'foda ina mpaka munthu kuyasamula, koma tsiku limenelo kapepala kanauluka kamodzi basi. Ndinaganiza kuti amayi awonda ndi ntchito za ku Joni. Ndipo musandiyese wopusa: ndinayesa. Ndinadina dzina lawo m'kati mwa disiketimo, ndipo anatseguka bwinobwino, geti, epuloni, mchira wa galu. Ankolo anasuzumira pakhomo. "Zatheka?" Ndinati atseguka. "Basi, tulutsa." Kompyuta inakwera galimoto itafunda bulangete, pampando wakutsogolo, ngati wodwala wolemekezeka.

Disiketi ndinaikulunga m'pepala la shuga, n'kuimanga pakona pa chitenje, ndipo ndinkapita nayo kusukulu pansi pa yunifolomu. Malita anaigwira ndi manja awiri, n'kuiika kukhutu, n'kuigwedeza, n'kuinunkhiza. Anati sakumva kanthu koma akukhulupirira. Posinthana anandiphunzitsa yankho la mdala wa tayi, ndipo tsiku limene ndinati, "Nde umampha," mdalayo anaimirira n'kuvula chipewa chonse, nsomba m'nyanja n'kuombera m'manja. Za nsombazi mboni ndi Malita.

Kompyuta inabwerako mvula itayamba kuchepa, yochangamuka ngati mwana wochokera kutauni. Pa sikirini panali poyera, Dedza yense atapita, koma sindinadandaule, poti nyumba ndikanamanganso. Malita anabwera atasamba, atavala diresi la kutchalitchi ndi kudzola mafuta mpaka m'zigongono, chifukwa ankadzaonana ndi munthu wamkulu. Amayi aang'ono anaima pakhomo ndi mopu. Ndinamasula chitenje, ankolo n'kulowetsa disiketi, iyo n'kukukuta mano monga mwa nthawi zonse. Dzina linaoneka: Amayi, ndi kamuvi kake. Ndinadina.

M'malo mwa geti panatuluka kabokosi kokhala ndi katochi. Katochiko kankaunika kumanzere, n'kuunika kumanja, n'kubwereranso kumanzere, ngati munthu wofuna mbuzi yosokera. Tonse tinakayang'ana kakufunafuna. Kenako kanasiya, n'kulemba mawu a Chingerezi. Ankolo anawerenga osatulutsa mawu, n'kuwerenganso. Anadina batani la kumanja kwa mausi n'kutsegula kabokosi kena, ndipo mmenemo munali mzere umodzi wautali umene anauwerenga mokweza, pang'onopang'ono: Kwathu, Kuseri kwa Phiri, Nyumba Yathu, Kuchipinda, Pamphasa, Amayi.

"Ndazi," anatero, "wanyamula njira. Munthu unamusiya."

Ndinati koma anatseguka, ndinawaona ndi maso angawa. Anati inde, chifukwa tsiku lija nyumba inali ikadalipo, ndipo kamuvi kankangothamanga kukawaitana. Anatsegula dzala, munalibe kanthu. Analumikiza telefoni n'kuyang'ana m'bokosi la imelo, ngakhale ankadziwa kuti anafufuta ndi dzanja lawo. Anati akanayenera kuona okha ndisanatulutse. Ine sindinalire. Ndinkangoyang'ana mzere uja, poti mayina onse anali olondola, palibe chilembo chimene chinasowa.

Malita anayandikira. Anasuzumira pa sikirini, manja kumbuyo kuti asakhudze kanthu, n'kugwedeza mutu ngati munthu wamkulu. "Ku Joni amatero," anatero. "Ifenso ya ada tili nayo adiresi." Amayi aang'ono anatsamiritsa mopu kukhoma, n'kutenga nsalu yoluka ija, n'kuifunditsa kompyuta dzuwa likuswa mtengo, ikadali yoyaka. Kenako anati tonse awiri tipite kukhitchini, kuli chinangwa chootcha. Malita anadya mosamala kuti asadetse diresi. Ine ndinadya ndi dzanja limodzi, linalo litagwira disiketi.

Abwana a ku Joni aja sanayankhenso imelo, ndipo tinamva pambuyo pake kuti amayi anasintha nyumba yogwirako ntchito. Anabwera ndili kusekondale, ndi zikwama zamizeremizere ndi miyendo yotupa, ndipo tinapatsana moni mwaulemu ngati apongozi. Nditawafunsa za chithunzi cha pageti anaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti akukumbukira galu yekha, kuti anali wolusa. Nkhope yawo ya chaka chija sindingathenso kuiona bwino. Ndikatsinzina ndimaona duku, chipumi, n'kuthera pamphuno, pamene magetsi anazimira.

Lero ndimagwira ntchito muofesi, ndipo anzanga amandiseka kuti ndisanakope fayilo iliyonse ndimayandikitsa nkhope pa sikirini mpaka mphuno kusiya chidindo. Ndimafuna kamuvi. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ukadziwa dzina la munthu, ndi khomo lililonse lopita kumene ali, ndiye kuti uli naye, ndipo ukhoza kumumanga pakona pa chitenje. Tsopano ndikudziwa kuti kamuvi sikanama: kamaloza mokhulupirika pamene munthu anali. Disiketi ija ndikadali nayo, ngakhale kulibenso makina oilowetsamo. Siilemera kanthu. Koma njira yake ndimaidziwa pamtima, kuyambira Kwathu mpaka Pamphasa, ndipo chinangwa chonyika chikandinunkhira ndimaiyenda yonse, khomo ndi khomo, osadutsa yachidule.